Kwa Tadala, Pamene Ukupita Kukabwereza Fomu 4

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Mawa ukunyamuka kukakhala kwa amalume ako ku Zomba, ndipo pa depoti ya basi sipokambirana nkhani zofunika kuzimvetsa bwino. Ndaona kuti ndibwino ndikulembere, ukawerenge utakhazikika.

Ndiyambe ndi pomwe pakukupweteka. Masamu, Bayoloje, Agirikacha, Jogalafe ndi Chichewa unakhoza ndi makirediti, koma Chingerezi unapeza 7. Satifiketi ya MSCE uli nayo, pakuti pa sikelo ya MANEB 7 ndi 8 ndi kukhoza ndithu, ndipo kulephera ndi 9. Vuto ndi lakuti sukulu za ukachenjede za boma zimafuna makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi, kutanthauza giredi yoyambira 1 kulekeza 6. Ine sindikufuna kuti ukalimbane ndi 6 yokhayo ayi. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, ndiye 3 kapena 4 ya Chingerezi ingatsitse mapointi ako n'kukutsegulira maphunziro omwe ukuwalakalaka.

Ndinatenga makope ako ndi mapepala a moko omwe unasiya m'katoni, ndipo ndawawerenga modekha. Chingerezi umachidziwa, mwana wanga. Chomwe chikukugwetsa ndi chakuti umayankha funso lomwe unakonzekera kunyumba m'malo mwa funso lomwe lili papepala. Pa moko anakuuza kuti ulembe lipoti kwa ahedi lonena za kuwonongeka kwa katundu wapasukulu. Iwe unalemba nkhani yokoma kwambiri ya usiku womwe mbava zinabwera, agalu akuuwa, mlonda akuthawa. Aphunzitsi analemba mzere wofiira m'mbali kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo sanalakwe. Lipoti limafuna mutu, wolandira, zomwe zinachitika, liti ndi kuti, chomwe chinachititsa, komanso zomwe ukupempha kuti zichitike. Munthu akapita kwa telala kukasoketsa siketi, telalayo n'kumusokera diresi, kukongola kwa diresilo sikungachititse kuti mwini nsalu alipire.

Choncho ukalandira pepala, usathamangire kulemba chifukwa anzako ayamba kale kukhwatcha. Funso uliwerenge kawiri, cholembera chili m'manja, ndipo udule mzere kunsi kwa mawu omwe akukuuza chochita. Udzifunse kuti: akufuna kalata, lipoti, malankhulidwe kapena nkhani yopeka? Ndikulembera ndani? Akufuna mfundo zingati? Akafunsa zifukwa ziwiri, upereke ziwiri zosiyana, osati chimodzi chonenedwa kawiri. Uyang'anenso malikisi omwe ali kumapeto kwa funso. Funso la malikisi 1 silifuna ndime yathunthu, ndipo nthawi yomwe ukutaya pamenepo ndi yomwe ikasowe pa funso lalikulu lakumapeto.

Pa chimangirizo pali chizolowezi china chomwe ndikufuna uchisiye kuno kumudzi. Ndaona kuti pafupifupi nkhani zako zonse zimayamba ndi chiganizo chimodzimodzi choloweza, cha dzuwa likutuluka ndi mbalame zikuimba, kenaka mawu akuluakulu omwe unatola mu dikishonale. Wochonga mayeso amakhala ndi mulu wa mapepala patsogolo pake, ndipo chiyambi chimenecho wachiona kambirimbiri tsiku lomwelo. Iye sakukudziwa, sadziwa kuti m'kalasi unkayankha bwino, sangakuitane kuti ufotokoze chomwe umafuna kunena. Ali ndi pepala lokha basi. Ziganizo zifupizifupi zolondola zimamupatsa chifukwa chokupatsira malikisi, pomwe chiganizo cha mizere isanu chopanda mpumiro chimangomupatsa malo ambiri oikapo inki yofiira. Usanayambe, tenga mphindi zochepa ulembe mfundo zako pambali, ndime iliyonse ikhale ndi mfundo yake, ndipo usapyole kapena kuperewera kwambiri pa chiwerengero cha mawu chomwe alamula.

Zolakwika zako zenizeni ndi zochepa, koma zimabwerabwera. Umayamba nkhani m'nthawi yakale, pofika ndime yachitatu walowa m'nthawi yatsopano osazindikira. Umasokonezanso he ndi she, zomwe zimatichitikira ambiri chifukwa m'Chichewa timangoti iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Siya mphindi zomalizira kuti uwerengenso ntchito yako ukusaka zinthu ziwiri zimenezi. Kusaka cholakwika chomwe ukuchidziwa kale n'kosavuta kusiyana ndi kungoyendetsa maso papepala.

Za kumvetsa nkhani ndi chifupikitso sinditalikitsa. Yankho lili m'nkhani yomwe wapatsidwayo, osati m'zomwe unamva kwina. Akanena kuti uyankhe m'mawu akoako, kukopera mzere wonse n'kutaya malikisi dala. Pofupikitsa, chotsa zitsanzo ndi zokometsera, usiye mfundo zokha.

Pa mabuku ndiye ndikufuna ulimbikepo. Ndaona kuti The Pearl ya John Steinbeck unaidziwira m'manotsi ogulidwa, buku lenilenilo masamba ake akadali oyera. Ndi buku lalifupi, ungathe kulimaliza Loweruka ndi Lamulungu. Manotsi akuuza kuti dokotala wa m'bukumo ndi wadyera, koma wochonga akufuna umboni. Umboni wake ndi uwu: Coyotito, mwana wa Kino, atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala anakana kumuthandiza chifukwa Kino analibe ndalama, koma atamva kuti Kino wapeza ngale yamtengo wapatali, anapita yekha kunyumba kwa Kino. Umu ndi momwe yankho limamangidwira: unene mfundo, uonetse pomwe yachitikira m'buku, kenaka ufotokoze chomwe zikusonyeza. Kufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, pomwe akufunsa khalidwe lokha la Juana, mkazi wa Kino, ndi matenda omwe aja a lipoti. Buku lililonse lomwe aphunzitsi akakupatse ukachite nalo chimodzimodzi.

Zonsezi sizilowa pongowerenga kalata. Ukapemphe mapepala a mayeso akale kwa aphunzitsi ako, ndipo Loweruka lililonse ukhale pansi ndi pepala limodzi, wotchi patebulo, foni kutali, ulembe mpaka nthawi yoikidwa ithe. Ukatero upite nalo kwa aphunzitsi, ndipo usakangofunsa kuti wapeza zingati. Ukawafunse pomwe malikisi atayikira. Aphunzitsi ambiri amakondwa ndi mwana wofunsa chotere. Amalume ako amagula The Nation kapena The Daily Times. Akamaliza, uziwerenga nkhani imodzi n'kuifupikitsa m'ziganizo zisanu m'kope lapadera.

Mayeso akamayandikira, adzabwera anthu okunong'oneza kuti ali ndi likasa. Usadzapereke khutu, ngakhale ndalama. Ukukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu January 2021. Wogwidwa akubera amalandidwa zotsatira zonse, ndipo chaka chomwe tikuvutikirachi chingapite pachabe.

Ndikudziwa kuti kubwereza kukukuchititsa manyazi, makamaka poona anzako ena akukonzekera za ku koleji. Ine ndi mayi ako tilibe nawe manyazi ngakhale pang'ono. Kwa amalume ukakhale mwana wa pakhomo, uzithandiza ntchito osadikira kutumidwa, ndipo ukawauze poyera maola omwe ukufuna kuwerenga kuti pasakhale kusamvana. Pakutha pa mwezi uliwonse unditumizire chimangirizo chimodzi chomwe aphunzitsi achonga, ujambule pa foni ya amalume ako, inki yofiirayo izioneka bwino. Ndalama ya mayeso ndidzatumiza kwa iwo MANEB ikangolengeza masiku olipirira.

Upereke moni kwa onse kumeneko. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.