Usiku Umodzi Pambali pa Dziwe la Chagwa

Amayi anzanga, pamene ndinauza apongozi anga kuti ndikupita kukagona m'nkhalango pamwamba pa phiri la Zomba, iwo anatula lichero limene anali kupetera mpunga nandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga," anatero, "mkazi wa mwini amagona panja pamaliro pokha. Kodi kumeneko kwamwalira ndani?" Abambo a ana anga sanachulutse mawu. Anangofunsa ngati ndiwo za masiku awiri ndazikonza, ndiponso ngati mwana wathu wamwamuna, amene akuphunzira ku yunivesite ku Zomba komweko, adzakhala nafe usiku wonse. Nditavomera zonse ziwiri, anandilola.

Tinali amayi asanu ndi mmodzi a banki m'khonde imodzi: atatu a ku Kawale kuno, awiri a ku Biwi, ndi mayi mmodzi wachikulire wa ku Chinsapo amene tonse timangoti Agogo. Pogawana ndalama kumapeto a chaka tinapatula pang'ono, tinati kamodzi kokha tidyeko thukuta lathu ndi maso. Tinadikira kuti mvula ithe, ndipo m'mwezi wa June tinanyamuka.

Za m'njira sindinena zambiri. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kenaka Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975. Pa Lizulu tinagula mbatata ya kachewere ndi kabichi. Mwana wanga tinampeza akutidikira ndi matenti awiri obwereka, pamodzi ndi pikapu imene anapangana ndi mwini wake kuti itikweze phiri.

Msewu wake ndi wopapatiza ndi wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Agogo anadziphimba chitenje kumaso nati tiwauze tikafika. Ife otsalafe tinali kuona mzinda ukucheperachepera m'munsi mwathu, ndiponso amayi anzathu akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, mitolo yaitali kuposa eni ake, ena mwana ali kumsana. Pafupi ndi hotela ya Ku Chawe anyamata anatizinga ndi timadengu ta masitiroberi, magalagadeya ndi timiyala tonyezimira tokumbidwa m'mapiri omwewo. Tinagula zipatso, miyala tinaisiya, pakuti Agogo anati iwo sanaonepo munthu wanzeru akugula mwala.

Madzi oyamba amene tinaona ndi a damu la Mulunguzi, limene linamangidwa kumapeto a zaka za m'ma 1990. Ndi lalikulu ndithu, ndipo ndi kumene mipopi ya mzinda wa Zomba imatunga. Koma ife tinapitirira, kukwera ndi msewu wa dothi, kudutsa kufupi ndi mathithi a Williams, kufikira dziwe laling'ono la Chagwa. Nalonso ndi damu, lomangidwa ndi anthu, koma lakhalitsa kotero kuti mlendo angaliyese lachilengedwe. Madzi ake ndi odekha, akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha chithunzi cha mitengo. Pamenepo, titagwirizana ndi a zankhalango za malo ogona ndi poyatsa moto, tinatsitsa katundu. Anatipatsanso mwamuna wina wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, wodziwa njira zonse, kuti agone nafe.

Kumanga tenti si ntchito yovuta kwa mkazi amene anayanikapo zovala pa chingwe tsiku la mphepo. Chimene sitinachikonzekere ndi kuzizira. Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nsonga yaitali ya phiri ili, yotchedwa Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Dzuwa litangolowa, chisanu chinatuluka m'madzi muja ngati chinali kutidikira. Amene mukufuna kudzapita, mverani ine: bulangeti limodzi silikwanira, ndipo mkeka wokha pansi ndi chilango. Tengani juzi, masokosi ndi mpango wokhuthala, ndipo chakudya muchitsekere m'ndowa ya chivundikiro, chifukwa anyani a kumeneko alibe manyazi.

Tinaphika nsima ndi usipa wotendera. Sindidziwa ngati ndi njala kapena madzi ake, koma nsima imeneyo sindidzaiiwala. Titadya tinazungulira moto, ndipo mwana wanga, monga achitira ana a sukulu, anayamba kutiphunzitsa. Anati thanthwe limene tinakhalapo linali chiphalaphala cha moto zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chiphalaphalacho chinakwera kuchokera m'kati mwa dziko, koma sichinaphulike pamwamba. Chinazizira pang'onopang'ono chikadali pansi, nichiuma kukhala mwala wolimba zedi. M'kupita kwa nthawi mvula inakokolola nthaka ndi miyala yofewa imene inachikuta, mwala wolimbawo nutsala chiimire. Ndilo phiri la Zomba, ndipo la Mulanje linabadwa mwa njira yomweyo.

"Iwe mwana," anatero Agogo, "ndiye kuti watigoneka pa mbaula?"

"Iyayi Agogo, motowo unazima kalekale, anthu asanakhaleko."

"Nanga Napolo?"

Apa anayankha ndi mwamuna wotiperekeza uja. Anatikumbutsa za December 1946, pamene mvula inagwa usana ndi usiku osakata, phiri linagumuka, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsikira mu mzinda wa Zomba, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Akuluakulu anati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, wasamuka ulendo wa kunyanja. Mwana wanga anafuna kutsutsa, koma ndinamtsina. Ife amene tinamva za Phalombe mu 1991, ndiponso za Blantyre ndi Mulanje pa namondwe wa Freddy mu 2023, tikudziwa kuti dzina lililonse mungachipatse chinthucho, chikadzuka sichisankha nyumba. Kadzidzi analira kutsidya kwa dziwe, Agogo nalavulira malovu kumbali, ndipo tonse tinakalowa m'matenti mosakakamizidwa.

Tsono chimene ndalembera nkhani ino chinachitika pakati pa usiku.

Kwathu ku Kawale, m'miyezi ya chilimwe, madzi amakonda kufika usiku anthu ali m'tulo. Zaka zambiri thupi langa lazolowera kudzuka cha m'ma 3 koloko, kukatchera ndowa pa mpopi. Usiku umenewonso ndinadzidzimuka nthawi yomweyo. Ndinamva madzi akuyenda, ndipo ndisanakumbuke kumene ndili, mtima unati phwii: wina waiwala kutseka mpopi, bilu ya mwezi uno itipha. Ndinali nditagwira kale chitenje pamene ndinazindikira kuti ndi kamtsinje kotuluka m'dziwe.

Ndinatuluka panja ndi bulangeti. Kunalibe phokoso la chigayo, la mabala kapena la oitanira minibasi. Nyenyezi zinali kumwamba ndi m'madzi momwe. Ndipo madzi aja anali kungopita, osawerengedwa ndi mita, popanda mzere wa zigubu, popanda amayi okangana kuti anayamba kufika ndani. Ndinakhala pa mwala nthawi yaitali. Ine wa zaka zoposa makumi asanu, amene ndasenza madzi kuyambira ndili kamtsikana, ndinali ndisanaonepo kumene madzi amabadwira. Ndinali kungowadziwa kumapeto kwake, pamene asanduka ndalama.

Kutacha nkhungu inali itakuta dziwe lonse, ndipo mitengo inali kudontha ngakhale mvula sinagwe. Wotiperekeza anatitengera pa malo ena pamene mitengo yachilengedwe idakalipo m'mbali mwa kamtsinje. Anandiuza kuti, "Mayi, pisani dzanja pansipa." Pansi pa masamba owola panali chinyontho chozizira, nthaka yakuda yofewa ngati mkate. Anati mvula ikagwa, masamba ndi mizu zimaigwira kuti isathamange. Imalowa pansi, nidzatuluka pang'onopang'ono m'madambo ndi akasupe a pamwamba pa phiri, kufikira mwezi wa October pamene kumunsi kwauma gwa. Thanthwe lija la moto silimwa madzi msanga, kotero nkhokwe yeniyeni ndi nthaka imene yakhala pamwamba pake, ndipo chogwira nthakayo ndi mitengo. Mitengo ikapita, mvula ya mwezi wathunthu imatsika tsiku limodzi, itanyamula dothi.

Mitengo yambiri ya pamwambapo ndi ya paini, yobzalidwa kuti ipereke matabwa. Mbewu yake inachokera ku Mexico. Ndi yokongola ndi yonunkhira, koma pansi pake sipamera zambiri. Ndipo ndinene zoona, m'malo ambiri ngakhale painiyo palibe. Poyenda ulendo wa ku Emperor's View tinadutsa zitunda za zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto wa chaka chatha.

Malo amenewa anatchedwa dzinali chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965, ndipo pafupi pake pali Queen's View. Munthu ukaima pamenepo umaona kutali kosaneneka: mzinda wa Zomba pansi pa mapazi ako, phiri la Mulanje kutali, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira ngati chiwaya chatsopano. Mwana wanga analoza chilumba cha Chisi m'nyanjamo, nati chimenecho ndiye chotsalira cha phiri lophulika lenileni lakalekale. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, ndi yosazama, ndipo imadalira mitsinje ya m'mapiri awa. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Amayi amene mumagula matemba a ku Chilwa mukukumbukira mmene anasowera.

Tili chiimire pamenepo, Agogo, amene anali chete m'mawa wonse, anati, "Ana anga, nanga lathu phiri ndi liti?"

Lathu ndi Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango imeneyo, nudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966, lachiwiri la 1989, ndipo kuchokera kumeneko madzi amafika m'mipopi ya ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi kwina. Agogo amakhala kufupi ndi msewu wa ku Likuni. Anati mbandakucha uliwonse amaona njinga zikudutsa pa Chinsapo, iliyonse ndi matumba a makala osanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, ndipo aliyense akudziwa kumene zikuchokera. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo.

Palibe anayankha. Tonse asanu ndi mmodzi timaphikira makala. Mmodzi wa ife, wa ku Biwi, amagulitsa makala a m'timapepala pakhomo pake, ndipo ndalama imene anakwerera basi inachokera pamenepo. Ine sindidzudzula mwamuna wa njinga, kapena mayi wa mtolo amene tinakumana naye pokwera. Ana awo amadya nsima ngati anga. Magetsi si nyumba zonse zili nawo, ndipo gasi amafuna ndalama ya nthawi imodzi imene ambiri a ife sitiigwira. Komabe kunandiwawa kuzindikira kuti dzanja limene limayatsa mbaula madzulo ndi lomwelo limene limagwedeza mpopi wouma usiku.

Tisanatsike tinathira madzi pa phulusa kufikira litazizira, tinatola mapepala onse, ndipo mnzathu wa ku Biwi anatunga madzi a m'kamtsinje m'botolo kuti akaonetse amuna ake. Potsika Agogo sanadziphimbenso kumaso.

Ndinafika ku Kawale Lamlungu madzulo. Apongozi anandiyendera ndi maso kuyambira kumutu kufikira kumapazi, naona kuti ndabwera wathunthu, nalandira masitiroberi awo osanena kanthu. Lolemba m'mawa wa makala anaima pa chipata monga mwa masiku onse. Ndinamfunsa, "Achimwene, awa ndi a kuti?" Iye anaseka naloza ndi mlomo cha kumadzulo. Ndinagula theka la thumba m'malo mwa lathunthu, ndipo nyemba za tsiku limenelo ndinali nditaziviika usiku kuti zipse msanga. Mawa lake, cha m'ma 3 koloko, mpopi unatsokomola kawiri, ndipo ndinadzuka kukatchera ndowa.