Akati "Pitani Naye Kumudzi"



Pali mawu amene tonsefe timawaopa kuchipatala: "Pitani naye kumudzi." Tikangowamva timadziwa kuti matenda akana mankhwala. Ena amayambiratu kufunsa mtengo wa bokosi munthu akupumabe. Wodwala timamugoneka kuchipinda, ife n'kumanong'onezana pakhonde, iye akubuula yekha usiku wonse.

Zimandiwawa, chifukwa matenda akhoza kukana kuchira koma ululu umamva mankhwala.

Mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, anali nesi kenako anadzakhala dokotala. M'chaka cha 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London, nyumba yosamalira anthu amene moyo wawo uli kumapeto. Iye ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha. Uli m'maganizo, uli mu nkhawa ya ana amene awasiye, ulinso mumzimu. Ankanenanso kuti mankhwala aziperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Iye mwini anamwalirira m'nyumba yomweyo mu 2005.

Nzeruyi inafika kuno kwathu. Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, ndipo anathandiza kufalitsa morphine wamadzi, wotsika mtengo, amene wodwala amamwa ali kunyumba. Ku Salima, Mayi Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo mu 2007. Ku Queens nako kunatsegulidwa Tiyanjane.

Ambiri timaopa morphine. Timati ndi mankhwala omalizitsa munthu. Ayi ndithu. Akaperekedwa pa mlingo umene achipatala anena, kawirikawiri pa maola 4 alionse, munthu amagona tulo, amamwa kaphala, amacheza ndi adzukulu. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo nalonso lili ndi mankhwala.

Mwina mukuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a choko. Taonani mu rejista. Mtsikana wa Fomu 3 amene wajomba sabata ziwiri, mwina si ulesi. Mwina ndi iye akutembenuza mayi ake pamphasa, kuwasambitsa ndi kuchapa zofunda, mayeso ali pafupi. Tisanatenge cholembera chofiira, timufunse kuti kunyumba kuli bwanji. Akatiuza, timulangize kuti apite ndi wamkulu wina kuchipatala cha boma akafunse za chisamaliro chochepetsa ululu. Mutu umodzi susenza denga, nanji wa mwana.

Ndipo inu ana anga amene muli pa ntchito m'tauni ndi kunja, ndalama mumatumiza, zikomo. Koma wodwala amafunanso kumva mawu anu. Imbani foni, ngati n'kotheka kwerani basi. Akafuna kukamba za munda, za ngongole kapena za kumene adzagone, musamutseke pakamwa ndi "muchira posachedwa". Khalani pansi mumumvere. Ulendo wa basi womwewo mudzauyendabe tsiku la maliro, koma iye sadzakuonani.