Feteleza tinathira, nanga chimanga chapita kuti?

Abale anga a m'tauni, ku Kawale, ku Ndirande mpaka ku Joni, ndi inu anansi anga kuno kumudzi, lero ndiyankha funso limene mumatifunsa chaka ndi chaka pa foni: "Tinatumiza ndalama ya matumba awiri a feteleza, bwanji nkhokwe yatha mu Okutobala?" Ena mumaganiza kuti tinagulitsa feteleza uja pa Nsaru n'kumwera. Alipo otero, sindikana. Koma ambirife tinathira ndithu. Vuto lili pansi pa mapazi athu.

Tengani botolo loonekera, muikemo dothi la m'munda mwanu kufika theka, mudzazitse madzi, mukhutchumule, mulisiye tsiku lathunthu. Mchenga ukhala pansi msanga chifukwa ndi wolemera. Pamwamba pake pabwera matope osalala, kenako dongo. Tizinyalala towola tiyandama pamwamba. Dothi lonse ndi zimenezi, kungosiyana kuchuluka kwake. Mchenga ukachuluka, madzi amangodutsa ngati m'sefa, atatenga feteleza yemwe. Dongo likachuluka, ngati makande a kudambo, madzi amadikha mizu n'kubanika. Katondo wathuyu, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kabudula, ndi dothi labwino, ndipo kufiira kwake ndi chitsulo chimene chili m'kati, dzimbiri lomwe lija la pa khasu.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti dothi labwino pafupifupi theka lake ndi timipata, momwe mumakhala madzi ndi mpweya. Mizu imapuma ngati ifeyo. Amene amatsegula timipatato ndi nyongolotsi, chiswe, mizu yakale, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mapesi n'kuwasandutsa chonde. Ndiye taganizani: mwezi uno utsi uli ponseponse, anthu akusosa n'kutentha, anyamata akuyatsa tchire kufuna mbewa. Motowo ukudya chakudya cha antchito athu a pansi pa nthaka. Phulusa limatsala ndi mchere pang'ono, eya, koma nayitrojeni, yemwe timakamugula modula m'thumba, amapita kumwamba ndi utsi.

Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. M'munda wopanda zowolerana, mvula yamphamvu ikagwa, gawo lina limatsikira pansi pomwe mizu ya chimanga siifika. Komanso kuthira Urea chaka ndi chaka popanda manyowa kumawawitsa nthaka pang'onopang'ono, kumene alangizi amati asidi. Nthaka ikawawa, chitsulo chija chimagwira fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa, chimanga n'kumaoneka chofiirira masamba chakudya chili pompo. N'chifukwa chake thumba limene kwa atsibweni linkadzaza ngolo, kwa ife likungopereka chamanyazi.

Pali chinanso. Khasu lathu limafika kuya komweko chaka chilichonse, ndiye pansi pa mizere pamauma gwa ngati pabwalo. Zulani phesi muone: mizu ikakhota n'kuyenda cham'mbali, dziwani kuti yagunda pamenepo. Madzi nawo salowa, amathamanga ndi dothi lapamwamba. Mukaona mtsinje wa Namitete kapena Bua wafiira ndi mvula yoyamba, imeneyo ndi minda yathu ikusamuka. Sentimita imodzi ya dothi imatenga zaka mazana kuti ipangike, koma imatha kupita usiku umodzi. Ndipo kaufiti akadzaza m'munda musathamangire kwa sing'anga, amakonda nthaka yotopa basi.

Mankhwala ake alipo, ambiri ndi aulere. Mu Januwale dzazulani phata limodzi la soya kapena mtedza, mudzaone timatuza m'mizu. Mukatiswa n'kupeza mofiirira m'kati, ndiye kuti tizilombo tili pantchito, tikukoka nayitrojeni mumpweya womwe tikupumawu, umene magawo 78 pa 100 ake ndi nayitrojeni yemweyo. Ndiye kasinthasintha wa chimanga, mtedza, soya ndi nandolo si nkhani ya alangizi chabe, bola masangwi abwerere m'munda. Mtengo wa msangu nawo musaudule. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, osatchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake mumachiona nokha kubiriwira kwake. Ndowe za m'khola, zitosi za nkhuku, gaga, phulusa la kukhitchini, zonsezi ndi manyowa. Ndipo pa Chitedze pompa, pamsewu wa ku Mchinji, pomwe akhala akuchita kafukufuku wa ulimi kuyambira 1948, amayeza dothi n'kukuuzani chimene chikusowa. Timadutsapo pa minibasi ngati sipatikhudza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu a m'tauni, feteleza musasiye kutumiza, chonde, njala ingatiphe. Koma pa ndalama yomweyo patulaniko yogulira mbuzi imodzi kapena mbewu ya soya ndi nandolo. Mukaimba foni, funsaninso kuti, "Mayi, mapesi aja mwakwirira kapena mwatentha? Dzenje la manyowa lilipo?" Ndipo inu anansi, tigwirizane ndi a mfumu za moto wa mbewawu, chifukwa moto ukachoka m'munda mwa mnzako suona malire.

Munda umene agogo ankalima okha, lero tagawana zidzukulu zisanu ndi zitatu. Tsala lopumitsa nthaka kulibenso, ndipo malo sakukula. Inunso mukadzapuma ntchito mudzabwera konkuno kudzafuna ndime yanu. Nthaka yotopa siichira chaka chimodzi, imafuna zaka zingapo, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyambe chaka chino, mvula isanagwe.

Amene mwayesa za botolo zija mundiuze zimene mwapeza. Moni kwa ana onse kumeneko.