Alamu inalira a ambulansi atafika kale

Matenda a shuga a mtundu woyamba anandigwira ndili ku sekondale, kwathu ku Ntcheu. Ludzu silinkatha, usiku ndinkangokhalira kupita panja kukataya madzi, ndipo ndinawonda mpaka siketi ya yunifolomu ndinkachita kumangirira ndi kansalu. Kuchipatala chaching'ono anandipatsa mankhwala a malungo. Kumudzi anthu anayamba kunong'ona zawozawo, mukudziwa mmene amayankhulira mtsikana akawonda mwadzidzidzi. Kuchipatala chachikulu ndinakafika nditakomoka, ndipo kumeneko ndi kumene anauza mayi anga kuti kapamba wanga wasiya kupanga insulini, sadzayambiranso, ndipo ndizibaya jakisoni tsiku lililonse mpaka kumanda. Mayi ankasunga kabotolo ka insulini mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Shuga tinkayeza pokhapokha tikapita ku kiliniki, chifukwa masitiripi oyezera kunyumba anali ndalama zimene tinalibe.

Ndinakula choncho, ndikumvera thupi. Manja akayamba kunjenjemera, thukuta lozizira likatuluka pamphumi, njala yoluma ikabwera, ndinkadziwa kuti shuga watsika, ndikuthamangira shuga wa m'kapu kapena Sobo. Koma thupi limatopa kuchenjeza. Shuga akamatsika kawirikawiri kwa zaka zambiri, zizindikiro zija zimazilala. Pamene ndinkafika ku England kukagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinkatha kutsika mpaka 2.8 ndikucheza bwinobwino, osamva kanthu. Amuna anga ndiwo ankazindikira ndikayamba kuyankha zosagwirizana ndi funso.

Mu 2022 bungwe la NICE, limene limalangiza za chithandizo cha m'zipatala za boma ku England, linanena kuti aliyense wa shuga wa mtundu woyamba azipatsidwa sensa yoyeza shuga usana ndi usiku. Zodziwika kwambiri kuno ndi FreeStyle Libre, imene Theresa May ankaoneka atavala pamkono ali nduna yaikulu, ndi Dexcom, koma ziliponso zina. Ine ndavalapo za makampani osiyana, ndipo zimene ndifotokoze pano si za kampani imodzi.

Kachipangizoka umakamata kumbuyo kwa mkono kapena pamimba. Kali ndi kawaya kofewa, kopyapyala kwambiri, kamene kamalowa pansi pa khungu n'kukhala momwemo masiku 7 mpaka 15, malinga ndi mtundu wake. Ukangokamata kamayamba kakhala duu kwa theka la ola, ola limodzi, ena maola awiri, kenako kamayamba kutumiza manambala ku foni, ena mphindi iliyonse, ena mphindi 5 zilizonse. Pambali pa nambala pamakhala muvi woloza kumene shuga akupita.

Sindifuna wina amve ngati ndikunyoza chinthu chimenechi. Usiku woyamba umene alamu inandidzutsa ndili pa 3.6, ndinamwa juwisi nditakhala pamphepete pa bedi, misozi ikutuluka, chifukwa ndinadziwa kuti usiku wina ngati umenewo ndinkangogona osadziwa kuti ndili pakamwa pa imfa. Amuna anga anaika pulogalamu yomweyo pa foni yawo, moti akakhala ku shifiti yausiku amaona manambala anga. Kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso chimene nsima imachita. Mitanda iwiri ya ufa woyera imakweza mzere wa shuga pa foni chiriri, pamene mgaiwa wa nyemba ndi masamba umakwera mwaulemu. Ndinaonanso kuti shuga wanga amayamba kukwera yekha m'bandakucha ndisanadye kanthu, chinthu chimene kubaya chala kanayi patsiku sikunandionetsepo. Akatswiri anagwirizana mu 2019 kuti munthu ayesetse kukhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 kwa maperesenti oposa 70 a nthawi yake, ndipo popanda sensa nambala imeneyo sungaidziwe n'komwe.

Koma kawaya kaja sikafika mumtsempha. Sikayeza magazi, kamayeza timadzi ta pansi pa khungu, timene shuga amalowamo atachoka m'magazi. Amene munatungapo pachitsime chokumba m'mbali mwa mtsinje mukudziwa kuti mvula ikagwa kumtunda mtsinje umasefukira msanga, chitsime n'kumatsatira pambuyo, ndipo mtsinje ukaphwera chitsime chimakhalabe ndi madzi kanthawi. Sensa ili pachitsimepo. Imachedwa ndi mphindi 5 mpaka 15. Shuga akakhazikika, kuchedwako sikuoneka. Akamathamanga, nambala imene ukuona pa foni ndi ya kumene unali, osati kumene uli.

Opanga amati masensa atsopano amasiyana ndi kuyeza kwa ku labu ndi maperesenti pafupifupi 8 mpaka 10. Imeneyo ndi avereji ya manambala ambirimbiri. Mkati mwa averejiyo muli ola limene sensa inalondola ndendende, mulinso ola limene inasochera kutali, ndipo kusocherako kumakonda tsiku loyamba, mnofu ukadali wokwiya ndi kubayidwa, komanso shuga akakhala pansi, kumene kusiyana kwa nambala imodzi yokha kuli nkhani ya moyo. Nako kamakina kobaya chala si mngelo. Muyezo wa ISO 15197 wa 2013 umakalola kuphonya ndi maperesenti 15, kutanthauza kuti magazi a 10.0 kakhoza kuwawerenga 8.5 kapena 11.5 osalakwira lamulo. Kusiyana kwake n'kwakuti ka chala kamayeza magazi enieni a mphindi yomweyo.

Bodza loyamba limene ndinaligwira linali la usiku. Alamu inkalira cha m'ma 3 koloko kuti ndili pa 3.1, ine n'kumwa juwisi, kudya mabisiketi, kudzuka m'mawa ndili pa 16, mutu ukuwawa, m'kamwa muli gwa. Namwino wa shuga atayang'ana mzere wa usikuwo anandionetsa mmene unagwera phompho mwadzidzidzi n'kubwereranso pomwe unali pasanathe theka la ola. Anandifunsa mbali imene ndimagonera. Ukagonera mkono wa sensa, thupi limafinya malo aja, timadzi tija sitiyenda bwino, ndipo sensa imaona ngati shuga watha. Bodza limenelo limangokulanda tulo ndi kukukweza. Limene linatsala pang'ono kundipha linali la mbali inayo.

Linali tsiku lotentha, sensa nditangomata m'mawa womwewo. Ndinabaya insulini ya kadzutsa, ndinadya phala, ndinapita kuntchito. Mnzathu wina sanabwere, choncho tinatsala awiri pansanjika yonse: kudzutsa agogo, kuwasambitsa, kusintha zofunda, kukwera ndi kutsika masitepe ndi matireyi. Ntchito yotere imamwa shuga kuposa kuthamanga. Nditasuzumira foni inkati 5.4, muvi utapendekera pansi pang'ono. Ndinatsala ndi gogo mmodzi kuti ndikamwe tiyi.

Zotsatira zake ndinachita kumva kwa mnzanga amene ndinali naye, mayi wa ku Harare amene agogo ake anachokera ku Dedza, ndipo timayankhulana Chichewa mabwana akatalikira. Akuti anandipeza m'kachipinda kosungira matawulo, ndikupinda thawulo limodzi lomwelo, kulifunyulula, kulipindanso.

"Achemwali, mwatani kodi?"

Akuti ndinamuyang'ana n'kuseka, mawu akutuluka okokakoka. Ankadziwa za matenda anga, ndipo anachita chimene aliyense wanzeru akanachita: anatulutsa foni m'thumba langa n'kuyang'ana. Inkati 4.7. Alamu ndinaitchera pa 3.9, ndiye inali chete. Iye anati basi si shuga ameneyu, mwina ndi sitiroko, ndipo m'malo mothamangira juwisi amene anali m'firiji pafupi pomwepo, anaimba 999. Pamene ankafotokoza pa foni, miyendo yanga inagwedezeka n'kugwa, chipumi n'kumenya shelefu.

A ambulansi atafika sanafunse za foni. Anabaya chala, kamakina kawo n'kuonetsa 2.1. Anandiika madzi a shuga kudzera mumtsempha. Chinthu choyamba chimene ndikukumbukira ndi kuzizira kwa matailosi patsaya, kukoma kwa magazi m'kamwa chifukwa ndinadziluma lilime, ndi phokoso limene ndinkalidziwa bwino likulira m'thumba la mnzanga uja. Inali alamu, ikundiuza kuti shuga wayamba kutsika.

Mnzangayo analira kuposa ine. "Ndikanadziwa, achemwali, ndikanakumwetsani." Ndinamuuza kuti palibe chimene analakwa. Foni inamuuza nambala yokhala ndi dontho ndi kanambala kena kutsogolo, ndipo nambala yooneka choncho munthu saikayikira. Amuna anga nawonso ankaona 4.7 yomweyo ali m'basi, mtima uli m'malo. Nditaimbira mayi kumudzi madzulo ake anangoti, "Mwanawe, si unkati kachitsuloko kamakulondera?" Ndinasowa choyankha, chifukwa kamandilonderadi.

Namwino wa shuga sanadabwe. Anati zinthu zitatu zinakumana: sensa ya tsiku loyamba imene inkawerenga mokweza, shuga amene ankagwa mothamanga chifukwa cha ntchito ndi kutentha, ndi thupi langa limene silichenjezanso. Tinakweza alamu kufika pa 5.0 masiku a ntchito. Imasokosa, inde, ndipo pena imalira ndili bwinobwino, koma imandipatsa mpata umene kuchedwa kuja kumadya. Sensa yatsopano ndimamata madzulo a tsiku lopuma, ndipo tsiku loyamba ndimabaya chala kangapo kuti ndione ngati zikugwirizana. Ikamasiyana kwambiri ndi chala shuga ali wokhazikika, ndimaichotsa n'kuimbira kampani, ndipo nthawi zambiri amatumiza ina. Panopa ndimayamba kuona muvi, nambala pambuyo. 6.0 wa muvi woloza pansi amandiopsa kuposa 4.5 wa muvi wogona.

Ngakhale a DVLA, amene amapereka ziphaso zoyendetsera galimoto kuno, atavomereza mu 2019 kuti oyendetsa galimoto zazing'ono azigwiritsa ntchito sensa, anasungabe lamulo lakuti kamakina ka chala kazikhala m'galimoto, ndipo sensa ikaonetsa 4.0 kapena kutsikirapo, kapena zimene ukumva zikatsutsana ndi nambala, ubaye chala. Mapepala a m'mabokosi a masensawo amanenanso zomwezo, kungoti amalemba ndi tizilembo timene munthu wotopa sawerenga.

M'mapepala omwewo muli nkhani ya mankhwala, imene ife a kwathu tiyenera kuimvetsa. Dexcom imachenjeza kuti hydroxyurea, mankhwala amene ambiri odwala sickle cell amamwa, amachititsa sensa kuwerenga mokweza. FreeStyle Libre imachenjeza za vitamini C wa mapiritsi akamwedwa wambiri. Masensa ena, makamaka akale, amasokonezeka ndi paracetamol, yemwe tonse timangomwa mutu ukawawa. Kuopsa kwa nambala yokwera yabodza n'kwakuti umabaya insulini yowonjezera pa shuga amene sanakwere, kapena imakubisira kutsika. Ndipo amene sensa yawo imalumikizana ndi pampu yothira insulini yokha, nambala yomweyo ndi imene pampu imamvera. Komanso ukadwala, ukamasanza, sensa imene ndavalayi siyeza ma ketone, asidi amene anandikomola ndili mtsikana. Amenewo ali ndi masitiripi akeake.

Masiku ano ndikuona anzathu kuno ndi ku Johannesburg akugula masensa kutumizira abale ku Lilongwe, Blantyre ndi Chipata. Ndi chikondi chachikulu, ndipo mwana wa shuga amene mayi ake sagona akhoza kupindula nazo kuposa ine. Koma muike m'katundu momwemo masitiripi ndi kamakina ka chala, chifukwa sensa ikamatuka ndi thukuta la mu Okutobala pa tsiku lachitatu, kapena ikayamba kubwebweta, palibe kampani imene idzatumize ina kumudzi mawa lake. Muonenso kuti zida ziwirizo zikuwerenga mofanana. Zina zimalemba mmol/L, zina mg/dL, ndipo kuti uchoke ku yoyamba kupita ku yachiwiri umachulukitsa ndi 18. Choncho 70 pa kamakina kena ndi 3.9 pa kena, poyambira ngozi.

Inu amene mumakhala kapena kugwira ntchito ndi munthu wobaya insulini, mukamuona akutuluka thukuta, akuyankhula zosamveka, akukwiya popanda chifukwa kapena akuchita chinthu chimodzi mobwerezabwereza, musadikire kuti foni ikuvomerezeni. Ngati akutha kumeza, mpatseni theka la kapu ya juwisi kapena Fanta wa shuga, kapena masupuni atatu a tiyi a shuga m'madzi, mubaye chala ngati kamakina kalipo, ndipo mubwereze pakatha mphindi 15 ngati sanasinthe. Shuga pang'ono ameneyo sangamuphe ngakhale mutaganiza molakwa. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali ndipo muitane ambulansi kapena muthamangire naye kuchipatala, n'kuwauza pakhomo pomwe kuti munthuyu amabaya insulini.