Makiyi Onse Akasowa

Masiku ano mnyamata akangogula kamakina kodulira makiyi n'kuika kathebulo pakhonde la sitolo m'tauni, basi wasanduka katswiri. Mtengo wawo wotsika sundiwawa, aliyense ali ndi ana ofuna kudya. Chondipsetsa mtima ndi magalimoto amene amafika kwanga kuno ku Avondale atadutsa m'manja mwawo: loko wa chitseko wopokosoledwa ndi sikuludiraiva, mawaya apansi pa chiwongolero omangidwa ndi seloteipi, mwini wake n'kumati ndimuchotsereko mtengo poti walipira kale kwina.

Ma Corolla, ma Vitz, ma IST ndi ma Noah amene adzaza mu Great East Road anabwera kuchokera ku Japan atayenda kale, ambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde, ndipo ochuluka anafika ndi kiyi mmodzi yekha. Kiyi ameneyo akagwa pamaliro kapena mumsika wa Chelstone, m'pamene foni yanga imalira. Ndisanagwire chitseko ndimafuna White Book ya galimotoyo ya ku RTSA ndi reji ya mwini wake. Ena amakwiya: "Bosi, ndikuoneka ngati mbava ine?" Ayi abwana, koma mbava nazonso zimavala taye.

Za kudula chitsulo sindichedwapo. Ma Toyota akale ena ali ndi nambala yodindidwa pa loko wa chitseko, ena ndimawerenga mano ake ndi kachida kotchedwa Lishi, makina n'kumaliza okha. Komatu ine sindinayambire pa makina. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mdala wina wa ku Katete amene ankakhala chakufupi ndi Cha Cha Cha Road, ndipo zida zawo zinali tupa, pulayazi ndi kandulo. Ankadetsa kiyi wosadula ndi utsi wa kandulo, n'kumulowetsa mu loko, kupotoza pang'ono, kutulutsa, kenako kumuyang'ana padzuwa. Pamene mwaye wakandika, pomwepo ndi popala. Kawiri kokha ndi tupa, n'kudetsanso. Ine ndikafulumira ankandilanda tupa n'kundipatsa tsache. "Iwe mwana, chitsulo ukachichotsa sichibwerera." Nkhomaliro yawo inali chinangwa chootcha ndi nshawa, amadya ataimirira, maso ali pa kiyi. Kasitomala akabwera ndi kiyi wotha mano kuti amukopere, ankakana, amati kukopa kiyi wakutha n'kugulitsa munthu matenda ake omwe. Ankayamba abwezeretsa mano pa msinkhu wa kufakitale. Anyamata a pakhonde aja mpaka lero amangokopa, ndiye kiyi watsopano amayamba kukakamira sabata yomweyo. Amdalawo anabwerera kumudzi makiyi a kachipi atangoyamba kuchuluka, ndipo zinthu za kompyutazi sanazikhulupirirepo.

Kachipi kameneka ndi kamene kandidyetsa lero. Kamakhala m'mutu mwa kiyi, kukula kwake ngati njere ya mpunga, kalibe batire. Mphamvu kamaitenga ku kakoyilo kozungulira pobayira kiyi, n'kutumiza nambala yake ku kompyuta ya galimoto. Nambala ikapanda kugwirizana, injini imangozungulira osalira. Ma Toyota akale amagwiritsa kachipi kotchedwa 4C, otsatira ali ndi kadontho pachitsulo, a cha m'ma 2010 ali ndi chilembo G. Ngati kiyi wamkulu alipo, wa mutu wakuda uja, ntchito n'njopepuka: ndimalumikiza makina pa soketi ya OBD ya mapini 16 n'kuonjezera wina. Wa mutu wotuwa amatha kuliza injini koma sangalembetse mnzake, ndipo ambiri sadziwa kuti amene atsala nayeyo ndi wotuwa mpaka tsiku la mavuto.

Onse akasowa pa galimoto yakale ya 4C, pamenepo ndiye pali thukuta. Kompyuta ya injini iyenera kutuluka, nthawi zambiri kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. Ukaitsekula umasakasaka kachipi ka miyendo 8, kolembedwa 93C56 kapena 93C66. Kamatulidwa ndi mpweya wotentha, dzanja osanjenjemera, chifukwa ukatenthetsa kwambiri timizere ta pabolodi timasupuka ndipo galimoto yafa. Ndikakawerenga ndimasunga kaye zimene zinalimo, kawiri, ndisanalembemo kalikonse. Kenako ndimafufuta makiyi akale kuti wotola kiyi wotayikayo asadzabwere usiku. Magalimoto ena kachipi kameneka kali m'kabokosi kena kobisidwa kuseri kwa hita, dashibodi yonse pansi, tsiku lathunthu. M'chaka cha 2024, magetsi akuzimazima, ndinagula inivata chifukwa cha ntchito yomweyi, poti moto ukathima uli pakati polemba, wapeza nkhani. Anzathu otchipa aja amazemba zonsezi. Akapeza kachipi kamodzi kogwira amakamata ndi guluu pafupi ndi koyilo, chitsulo chilichonse cholowa n'kumatha kuliza galimoto. Komanso magalimoto ambiri akale a ku Japan alibiretu kachipi, koma munthu amalipiritsidwa ya "pulogalamu" imene sinachitike.

Rimoti ndi nkhani ina. Za ku Japan zimayankhula pa 312 mpaka 315 MHz, za magalimoto a ku South Africa pa 433. Mayi wina wa ku Woodlands anabwera ndi yonyezimira yoitanitsa pa intaneti, ndinangoiyeza n'kumubwezera. Ena amabwera akuti rimoti yafa, pamene latha ndi batire la CR2016, la ndalama zochepa. Ndikasintha osalipiritsa ntchito amandiyamika, koma tsiku lotulutsa kompyuta yemweyo amati ndikudula ngati ndikugulitsa injini. Saona mtengo wa makina, wa makiyi osadula amene ndimagula ndi madola, ngakhale mafuta opitira ku Kabwata pakati pa usiku.

Ndikamaliza ndimawauza kuti adulitsiretu wachiwiri, poti kiyi wamkulu ali m'manja mtengo wake sufika n'komwe pa umene angolipirawo. Yankho limakhala limodzi: "Mwezi ukatha, bosi." Nambala zawo ndimazisunga.