Kabokosi Kamene Sitinadule

Kabuku kaja kanafika ku Mpanshya katakulunga nsapato. Amayi a mnzathu wina ankachapa nsalu pachipatala cha mishoni cha St Luke's, ndipo tsiku lina masisitere atatsegula makatoni a zovala zochokera ku Ulaya, anawapatsako nsapato za mwana. Nsapatozo zinamuthina mnzathuyo, zinapita kwa mng'ono wake. Mapepala okulungira aja ndiwo anatikwana tonse. Munali mu 1983, ine ndili giredi 6.

Pachikuto panalembedwa kuti 2000 AD. Ife tinkayesa kuti chimenecho ndi chaka chimene zojambulidwamo zidzachitike, ndiye tinawerengetsa zala n'kupeza kuti kwatsala zaka 17 zokha, tidzazionera tokha tili ndi ndevu. Zoti ndi magazini ya ku London imene inayamba mu February 1977, yoti mkonzi wake woyamba anali Pat Mills, ndinadzazidziwa ndili bambo kale. Imatuluka sabata iliyonse. M'kope limodzi mumakhala nkhani ngati zisanu, iliyonse masamba ochepa, ndipo amaidulira dala pamene yafika pokoma kuti ukagulenso sabata yamawa. Mwana wa ku London ankadikira masiku asanu ndi awiri. Kwathu sabata yamawayo sinafike.

Tinkakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu tikaweruka. Lamulo linali loti wogwira kabukuko ayambe wasamba m'manja, chifukwa pepala lake linali lopyapyala ngati la nyuzipepala ndipo chala cha mafuta a vitumbuwa chinkasiya chidindo. Zithunzi zambiri zinali zakuda ndi zoyera. Utoto unali pachikuto ndi pamasamba apakati pokha. Chingerezi chathu chinali cha m'kalasi, cha kupempha kupita panja ndi kupereka moni kwa aphunzitsi, ndiye mawu ambiri ankatipitirira. Tinadikira mpaka holide kuti mkulu wanga abwere kuchokera ku sekondale. Iye ankawerenga mokweza, n'kumatembenuza m'Chinyanja chosakaniza ndi Chisoli, ndipo pamene nayenso wasokonezeka ankangoti, "Apa akutukwanana."

Nkhani imene inatigwira mtima inali ya Rogue Trooper. Ndi msilikali wopangidwa ndi anthu asayansi kuti azimenya nkhondo padziko lina lotchedwa Nu-Earth, kumene mpweya unaipa mpaka munthu wamba sangapume wopanda chophimba kumaso. Anzake onse anaphedwa tsiku limodzi chifukwa mkulu wina wa asilikali anawapereka kwa adani. Iye yekha ndiye anatsala, ndipo akuyendayenda kufunafuna wowaperekayo. Koma kwenikweni sali yekha. Nzeru ndi mawu a anzake atatu zinasungidwa m'tizitsulo ting'onoting'ono: wina ali mumfuti, wina m'chisoti, wina m'chikwama cha kumsana, ndipo onse amalankhula naye, kumulangiza, nthawi zina kukangana okhaokha.

Madzulo ena ndinawafotokozera agogo aakazi zimenezi akusenda nyemba pakhonde. Ndinkaganiza kuti adabwa. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Nanga chachilendo n'chiyani pamenepo? Imeneyo ndi mizimu. Anthu amenewo anafa imfa yoipa, sanaikidwe bwino, ndiye sangagone mpaka mlandu wawo uthe. Mnyamatayo wasenza katundu wolemera, mdzukulu wanga. Kodi amawathirirako nsembe?"

Ndinayankha kuti ayi, Agogo, ndi za sayansi zimenezi. Iwo anangoti sayansi kapena ayi, wakufa akakulankhula umamvera. Mpaka lero ndimaona kuti pa onse amene anapereka maganizo pa nkhaniyi, agogo ndiwo anailasa pamtima.

Pa Judge Dredd ndiye panali mkangano. Uyu ndi wapolisi wa mumzinda waukulu wam'tsogolo, Mega-City One, amene John Wagner ndi Carlos Ezquerra anamuyambitsa m'kope lachiwiri la magaziniyi. Iye yemweyo amagwira munthu, iye yemweyo amaweruza, iye yemweyo amapereka chilango pomwepo pamsewu. Anzanga ambiri ankamukonda chifukwa cha njinga yake yamoto ndi chibwano chake chouma. Agogo aamuna, amene ankakhala nawo pabwalo la anyakwawa milandu ikamakambidwa, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali atachitalikitsa ndi maso, kenako anafunsa ngati pali tsamba limene munthuyu wavula chisoti. Tinati palibe. Iwo anabweza kabukuko. Anati woweruza wobisa nkhope ndi woopsa kuposa wakuba, pakuti pabwalo wolakwa ayenera kuona maso a omuweruza, ndipo abale ake ayenera kupatsidwa mpata wolankhula, ngakhale dzuwa lilowe. Ine ndinapita nawo maganizo amenewo pansi pa mango ngati anga, ndipo tinatsala pang'ono kumenyana.

Sikuti zithunzi zotere tinali tisanazionepo. M'kabati ya aphunzitsi aakulu munali makope akale a Orbit, magazini ya achinyamata a m'Zambia imene inayamba mu 1971 ndi khama la Valentine Musakanya, ndipo mmenemo anthu ojambulidwa anali ndi nkhope ndi mayina ngati athu. Kunalinso magazini ya Chongololo yophunzitsa za nyama ndi mitengo. Koma zaka zimenezo mtengo wa kopa unali utagwa, ndalama zakunja zinkasowa, sopo ndi mafuta ophikira zinali za pamzere. Pepala losindikizidwa lofika kumudzi linali ngati mlendo wochokera kutali: umamufunsa zonse, sumulola kugona msanga.

Ndipo panali tsamba limodzi limene linatisowetsa tulo. Linali la makalata a owerenga. Pamwamba panali nkhope ya Tharg, mkonzi wongopeka wa khungu lobiriwira amene amati anachokera kunyenyezi ya Betelgeuse. Ana a ku Britain ankamulembera, ena kuyamikira, ena kudandaula kuti nkhani yakutiyakuti yatha mphamvu, ndipo amene kalata yake yasindikizidwa ankalandira mphoto. Kumunsi kunali kabokosi ka mizere itatu, koti ulembepo nkhani zitatu zimene wazikonda, udule, utumize. Mkulu wanga atatimasulira zimenezi tinakhala chete. Kusukulu ankatifunsa mayankho, kunyumba ankatituma. Palibe wamkulu anali atatifunsapo kuti nanga inu mwaiona bwanji nkhaniyi. Apa anthu osindikiza mabuku, akuluakulu a m'nyumba zosanja za ku London, ankafuna kumva maganizo a mwana.

Tinachita chisankho. Aliyense anapatsidwa njere zitatu za chimanga, tinajambula mabwalo asanu pansi, n'kumaponya mmodzimmodzi ena atatembenuka. Rogue Trooper anapambana. Dredd anakhala wachiwiri ngakhale ine ndinam'mana njere yanga. Pa malo achitatu panafanana nkhani ziwiri, ndipo kukambirana kwake kunatha sabata yathunthu.

Vuto linadza pa kudula. Kuseri kwa kabokosi kaja kunali zithunzi za nkhani ina, ndipo lumo likanadya pakati penipeni. Mwini kabukuko anakana kwamtuwagalu. Ena ankati tidule basi, kalata yopanda kabokosi sailandira. Wina anapereka nzeru yoti tikajambule kabokosi kathu papepala la m'kope la masamu, ndipo anachitadi ndi rula, mizere yowongoka bwino. Tinalemba kalata, mkulu wanga anakonza Chingerezi. Tinalembamo kuti ndife owerenga a ku Mpanshya, kufupi ndi msewu wa Great East musanafike pa mlatho wa Luangwa, kuti tili ndi kope limodzi lokha, ndipo tikupempha atiuze ngati msilikali uja anam'peza wowapereka. Tinasonkha mangwee, koma sanakwane sitampa ya ndege. Kenako wina anaona deti pachikuto: kabukuko kanali katatha kale chaka ndi miyezi. Kalatayo inakhala m'Baibulo la amayi mpaka inasanduka yofiirira.

Popeza yankho silinabwere, tinadziyankha tokha. Kumapeto kwa makope athu kunadzaza zithunzi za pensulo. M'nkhani yathu msilikali uja anawoloka mtsinje wofanana ndi Luangwa ng'ona zili laalaa pamchenga, nam'peza mdani wake atabisala m'mapiri onga a ku Rufunsa. Sanamuwombere. Anam'manga n'kupita naye pabwalo, ndipo mfuti, chisoti ndi chikwama zinapereka umboni, chilichonse m'nthawi yake. Mlandu utatha, atatu aja anasiya kulankhula, iye anakumba manda atatu. Mapeto amenewo anali a agogo anga onse awiri, ngakhale ife tinkati ndi athu.

Zinthu zinayamba kusintha ndi makanema. Nditasamukira ku Lusaka ndinaonera filimu ya Judge Dredd ya mu 1995 m'kanyumba ka vidiyo ku Mtendere, titapanikizana pamabenchi. Sylvester Stallone atavula chisoti ndinakumbuka agogo aamuna, omwe anali atatisiya kale. Ndinadzamva pambuyo pake kuti owerenga a ku Britain anakwiya nazo kwambiri zimenezo, moti mufilimu ya mu 2012, imene inajambulidwa ku South Africa, Karl Urban sanavule chisoti mpaka kumapeto. Zinandikhudza kuti iwo ndi nkhalamba ya ku Mpanshya anaima pa mfundo imodzimodzi, nkhope ya woweruza, ngakhale ankaikokera mbali zosiyana.

Lero Mpanshya si uja. Rufunsa inakhala boma palokha m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Pamapiri pali nsanja za mafoni, pamadenga pali masola, ndipo pa Chimusanya mnyamata wa kantemba amakuikira mafilimu pa memori khadi ndi ndalama yochepa. Magazini ija idakalipo, tsopano ili m'manja mwa kampani ya Rebellion ya ku Oxford, inapitirira kope la nambala 2000 mu 2016, ndipo munthu angaigule pafoni tsiku lomwe yatuluka. Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti ana a mlongo wanga aonera Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema imene inatuluka pa Netflix mu 2023, ya atsikana anayi opulumutsa Lusaka wam'tsogolo. Ife tinkachita kubwereka nkhope za ena n'kuziveka mapiri athu. Iwo akuona tsogolo lili ndi misewu imene akuidziwa. Njala ya mabuku imene tinali nayo sindingaifunire mwana aliyense, inali njala yeniyeni ndipo ambiri mwa anzanga inawatsekera njira.

Komabe pali chimene chimandipweteka. Ndakhala nawo anawa akuonera. Gawo likatha, chala chili kale pa lotsatira. Ndinafunsapo wamkulu wawo kuti, "Ukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Anandiyankha mwaulemu, "Dikirani, Malume, tione," n'kudina. Maganizo ali nawo, ndi anzeru kuposa mmene ife tinalili, ndipo akafuna kuwatumiza kutsidya la nyanja sasowa sitampa. Koma nkhani siwapatsa mpata woti aitafune. Ife masamba ochepa aja tinawatafuna chaka chathunthu, tinawapititsa kwa agogo, tinawabweretsanso, tinaponyera njere za chimanga. Pafoni aliyense amaweramira kwake, ndipo agogo a masiku ano sauzidwa n'komwe kuti m'galasimo muli nkhani yotani. Ndimadzifunsa kuti ndani adzawauze ana amenewa kuti mawu a mumfuti aja ndi mizimu.

Chaka chatha ndinapita kumudzi kumaliro. Titachoka kumanda ndinakumana ndi mwini kabuku uja, tsopano mlimi wa chimanga ndi mbuzi, imvi zili mbuu. Ndinam'funsa za kabukuko. Anati chiswe chinadya kalekale pamodzi ndi sutikesi imene ankasungiramo, kabokosi kaja kadakali kosadula. Kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, inu mwayenda. Kodi uja anam'peza?"

Ndinali nditagula pafoni buku losonkhanitsa nkhani zakale za Rogue Trooper. Tinakhala pa benchi kuseri kwa nyumba ya siwa, ndinam'pezera pamene kope lathu linathera, n'kumupatsa foni. Asanailandire anapukuta manja pa thalauza. Anabwereka magalasi a mkazi wake, nayamba kuwerenga milomo ikugwedera, akukuza chithunzi chilichonse ndi zala ziwiri. Atatha tsamba lachitatu anapukusa mutu, nati apa alakwitsa, wa m'chikwama uja sakanalankhula choncho. Ndinati werengani kaye mumalize. Anakana, anaika foni pabondo chafufumimba, n'kuitana mnzathu wina amene ankadutsa ndi mpando pamutu kuti abwere adzamve mlanduwu.