Amayi, manda aja ndi a makatoni

Okondedwa Amayi,

Ndamva kwa achimwene kuti chithunzi chomwe adzukulu anu anakutumizirani pa WhatsApp chakusowetsani tulo. Khazikani mtima pansi. Manda omwe mwaona pakhomo pathu kuno ku Dublin ndi a makatoni, ndipo mzukwa wolendewera mumtengo uja ndi nsalu yakutha ya pabedi.

Usiku wa pa 31 Okutobala kuno kumakhala Halloween. Mizu yake ili konkuno ku Ireland ndi ku Scotland, kumene makolo akale ankachita mwambo wa Samhain potsekera zokolola, chisanu chikulowa. Ankati usiku umenewo mizimu imayendayenda, ndiye ankasonkha moto waukulu ndi kuvala zodzibisa. Amene anathawa njala ya 1845 mpaka 1852 anapita nawo mwambowu ku America, ndipo kumeneko ndi komwe anayamba kusema maungu. Kwawo ankasema tanipu, mzu wolimba kuboola kwake. Masiku ano amene amatenga mbali yaikulu ndi ana, amene amagogoda khomo ndi khomo kupempha maswiti.

M'masitolo zoopsezera zapulasitiki zadzaza, koma ife tinagwirizana kuti tipange tokha. Makatoni tinawadula ngati miyala ya pamanda, tinapaka penti wotuwa, ndipo kumbuyo tinamangirira timitengo tozika pansi kuti mphepo isawagwetse. Popeza mvula ya kuno siichenjeza, tinawakutira ndi pulasitiki woonekera. Mzukwa ndi wosavuta: kufufumitsa baluni, kuphimba ndi nsalu yoyera, kumanga pakhosi, kujambula maso awiri akuda, n'kupachika ndi ulusi wa mbedza umene suoneka usiku. Kangaude wamkulu amene ali pakhoma ndi jumbo lakuda la zinyalala lopakiramo manyuzipepala, miyendo yake isanu ndi itatu ndi ya waya. Mdzukulu wanu wamng'ono anaumirira kuiwerenga yekha. Magazi abodza ndi madzi a shuga okhuthala osakaniza ndi utoto wofiira wa zakudya, moti mwana akanyambita palibe vuto.

Dzungu timasema tsikulo litayandikira, chifukwa likabooledwa silichedwa kuola. Timadula chivindikiro pamwamba, kukolopola zam'kati, kenako kuboola maso ndi mano. Mpeni ndimagwira ndine. M'kati timaikamo kanyali ka mabatire osati kandulo, popeza zovala za tsikuli zimagwira moto msanga. Ndikudziwa funso lanu: chakudya n'kuseweretsa? Nthanga zake timakazinga ndi mchere monga munatiphunzitsira, ndipo zomwe tapala m'kati timaphika supu.

Nkhawa yanu sindikuipeputsa. Munatilera kuti manda saloza ndi chala, ndipo kadzidzi akalira padenga munthu sagona. Ngakhale kuno alipo Akhristu amene sachita nawo, ndipo palibe amawakakamiza. Ifenso tinaika malire: pamakatoni aja sipalembedwa dzina la munthu weniweni, wamoyo kapena womwalira, ndipo sitiika chilichonse chonyoza maliro.

Koma ndikanakonda mukanaona zimene ntchitoyi yachita mwa ana. Wamng'ono uja ankakana kugona magetsi atazima. Tsopano mzukwa anaujambula maso yekha, amadziwa kuti m'kati muli baluni, ndipo ukagwedezeka ndi mphepo amangoseka. Chinanso, kuno anthu amakhala chitsekere, moni wake wa patali. Usiku umenewu khomo lokongoletsedwa limauza ana kuti agogode, ndipo makolo amene sitinalankhulanepo timaima panja n'kucheza. Mayi wina woyandikana nafe walonjeza kubweretsa barmbrack, buledi wa zipatso zouma amene amabisamo mphete.

Ana akupempha kuti muwafotokozere pafoni momwe munkapangira zidole za nsanza zoopsezera mbalame m'munda wa mapira, akufuna kuimika chimodzi pageti. Tidzakuimbirani Lamlungu mukaweruka kutchalitchi. Moni kwa azakhali ndi onse pamudzi.

Ine mwana wanu,
wa ku Dublin